Munthu wa 60/12/33 wandidyera ndalama, kodi HUD imanama?

Yamikani: Akuluakulu mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni, mutu wandiima. Sabata yatha ndinaika PokerTracker 4, pulogalamu yothandiza pa masewera a poker a pa intaneti, pa laputopu, ija yoyesa yaulere, ndiye tsopano pafupi ndi dzina la munthu aliyense pa tebulo pakumaoneka timanambala, timene amatitcha HUD. Dzulo usiku ndinali pa tebulo la anthu 6, la $0.02/$0.05. Panali munthu wina manambala ake 60/12/33, VPIP 60, PFR 12, 3-bet 33. Nditaona 33 ija ndinati uyu amakwezanso ndi makadi alionse. Ndinali ndi A ndi J za mitundu yosiyana, ndinakweza, iye anakwezanso, ine n'kukankha zonse. Anatsegula ma King awiri. $5 inapita choncho. Pulogalamuyi ikunama, kapena ndine amene sindikudziwa kuwerenga?

Kondwani: Aise, pambali pa dzina lakelo pamakhala nambala ina yosonyeza mahandi, kutanthauza maulendo amene makadi agawidwa, amene mwasewera limodzi. Inali chiyani?

Yamikani: 25.

Kondwani: Tsegula pulogalamuyo, umupeze munthuyo, uone kuti 33 ija inachokera pa mipata ingati.

Yamikani: Yalemba 2 pa 6.

Kondwani: Ndi zimenezo. Munthuyu anali ndi mpata wokwezanso kasanu ndi kamodzi kokha, ndipo anachita kawiri. Pulogalamu sinaname, yagawa 2 ndi 6 n'kupeza 33. Koma siinakuuze kuti pa maulendo awiriwo anagwira chiyani. Mwina kawiri konseko anali ndi makadi akuluakulu.

Dalitso: Pepani akuluakulu, ine ndangolowa pa gululi mwezi uno. VPIP ndi PFR ndi chiyani? Ndimangoona mukulemba.

Kondwani: Wachita bwino kufunsa Dalitso. VPIP ndi kuchuluka kwa mahandi, pa 100 alionse, amene munthu amaika ndalama mu poti mwa kufuna kwake flop, makadi atatu oyamba a pakati pa tebulo, isanatsegulidwe. Kaya watsatira, kaya wakweza, zonse zimawerengedwa. Ma blind, ndalama zimene anthu awiri amaika makadi asanagawidwe, small blind ndi big blind, sawerengedwa chifukwa amenewo ndi okakamiza, ndipo ukakhala pa big blind n'kungocheka, nazonso sizilowa. PFR imawerenga okhawo mahandi amene munthu wakweza flop isanabwere. Choncho PFR singapose VPIP. 3-bet ndi pamene wina wakweza kale iwe n'kukwezanso pamwamba pake.

Dalitso: Ndiye nambala yabwino ndi iti?

Kondwani: Pa tebulo la anthu 6, odziwa kusewera ambiri amakhala cha m'ma 22 mpaka 28 pa VPIP, ndipo PFR yawo imakhala pansi pang'ono, mwina 24/20. Pa tebulo la anthu 9 manambala amatsika, cha m'ma 15/12, chifukwa kumbuyo kwako kumakhala anthu ambiri oti angakhale ndi makadi abwino kuposa ako.

Ankolo Jere: Mwaswera anyamata. Ndimatseka sitolo, ndangowerenga kumene. Yamikani mphwanga, iwe unathamangira nambala yachitatu, pamene nkhani yonse inali pa ziwiri zoyambazo. Pa mahandi 25, VPIP 60 ndi mahandi 15. PFR 12 ndi mahandi 3. Munthu walowa maulendo 15 koma wakweza katatu kokha. Maulendo 12 onsewo amangotsatira. Ameneyo ndi munthu wokonda kuona flop, wosakonda phokoso. Kuno ku Limbe amabwera anthu otere m'sitolo, amagwira katundu aliyense, kufunsa mtengo wa ichi ndi icho, osagula. Koma tsiku limene wafika n'kutulutsa chikwama asanafunse mtengo, ndimadziwa kuti lero wabwera ndi ndalama. Munthu wongotsatira akakweza pamwamba pa iwe, taya AJ yako usadandaule.

Yamikani: Ankolo ndamva, koma tsopano ndasokonezeka. Kondwani akuti mahandi 25 ndi ochepa, inu mukuwerenga manambala a mahandi 25 omwewo.

Tadala: Funso limenelo ndi labwino achimwene, ndilole ndilowepo. Onse awiri akulondola, chifukwa manambala onse sakhazikika pa liwiro limodzi. VPIP ili ndi mpata pafupifupi pa handi iliyonse. Mwasewera 25, yawerengedwa pafupifupi ka 25. Munthu amene VPIP yake yeniyeni ndi 25, kuti alowe mahandi 15 pa 25, sizichitika ngakhale kamodzi pa maulendo 1,000. Ndiye mukaona 60, simudziwa ngati ndi wa 45 kapena wa 70, koma mukudziwa kuti amalowa mahandi ambiri. Pamenepo a Jere ali ndi poimira.

3-bet ndi ina. Imafuna kuti wina akweze kaye munthuyo asanafikidwe, n'chifukwa chake mipata inali 6 yokha. Ndawerengera pompano: munthu amene 3-bet yake yeniyeni ndi 8, mwayi woti achite kawiri kapena kuposa pa mipata 6 ndi pafupifupi kamodzi pa maulendo 13. Inu pa tebulo lililonse muli ndi anthu asanu. Mukatsegula matebulo atatu, pa anthu 15 amenewo musadabwe kupeza mmodzi akuoneka ngati wamisala pa 3-bet pamene ali munthu wamba.

Yamikani: Eee, ndiye ndiyembekeze mahandi angati achemwali?

Tadala: Palibe tsiku limene nambala imadzuka n'kukhala yoona, imangopita ichepetsa kugwedezeka. Titenge munthu uja wa VPIP 25. Pa mahandi 100, maulendo 19 pa 20 pulogalamu idzakuonetsani nambala ya pakati pa 16 ndi 34. Onani kutalika kwake, 16 ndi munthu woumira, 34 ndi munthu womasuka, koma ndi munthu mmodzi yemweyo. Pa mahandi 400 imagwera pakati pa 21 ndi 29. Pa 1,000, pakati pa 22 ndi 28. Lamulo lake tinaliphunzira chaka choyamba ku Poly, ino akuti MUBAS: kuti kugwedezekako kutsike ndi theka, mahandi ayenera kuchuluka kanayi. Ndipo chofunika kuwerenga si mahandi, ndi mipata. 3-bet imafuna mahandi mazanamazana isanayambe kunena zomveka. Manambala a pa river, monga kangati munthu amataya akabetcheredwa pa khadi lomaliza, amafuna masauzande, chifukwa mahandi ambiri safika n'komwe kumeneko.

Kondwani: N'chimodzimodzi mpira aise. Mnyamata akagoletsa ziwiri pa derby ya Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, mawa lake tauni yonse imamutchula. Koma kochi wanzeru amafuna kuona sizoni yonse asanati wapeza wogoletsa.

Ankolo Jere: Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphatso: Ine ndikhale wotsutsa pang'ono. Zonsezi ndikuzimva, koma ngati munthu uyenera kusewera naye mahandi 500 kuti umudziwe, pa matebulo aang'ono amenewa udzakumana naye liti? Anthu ake ndi ambirimbiri, amalowa lero mawa kulibe. Ine ndimasewera pa foni kuno ku Bangwe, ndilibe HUD, ndimangoyang'ana zimene munthu watsegula pa showdown, potsegula makadi kumapeto kwa handi. Munthu akandionetsa kamodzi kuti anatsatira mpaka river ndi peya yapansi, ndaphunzira zambiri kuposa manambala 20.

Kondwani: Pamenepo sindikutsutsa Mphatso. Handi imodzi yotsegulidwa imalemera kwambiri. Ine ndimalemba noti pa munthu nthawi yomweyo. Koma ukakhala pa matebulo anayi sungaone zonse, VPIP ndi PFR zimakuuza msanga amene akusewera mahandi ambiri, ndipo ndalama zimachokera kwa amenewo.

Mphatso: Ndipo chachiwiri, kwa ine si chilungamo. Wina ali ndi kompyuta ikumusungira zonse, mnzake wangobwera kudzasangalala akaweruka kuntchito.

Ankolo Jere: Nkhani imeneyo makampani enieniwo amasiyana maganizo. partypoker inaletsa ma HUD mu 2019. GGPoker salola mapulogalamu akunja pa tebulo, ali ndi yawoyawo yotchedwa Smart HUD imene aliyense amaiona mofanana. PokerStars imalola koma ili ndi malamulo a zimene pulogalamu ingachite ndi zimene singachite. Ndiye aliyense awerenge malamulo a kumene akusewera asanaike chilichonse. Akakugwira ndi pulogalamu yoletsedwa amatseka akaunti, ndipo ndalama zili m'menemo ukhoza osazionanso.

Dalitso: Koma pulogalamuyo imadziwa bwanji zonsezi? Imaona makadi a anzako?

Kondwani: Ayi, ikanakhala yotero ikanakhala kuba. Handi iliyonse ikatha, pulogalamu ya kampani ya poker imalemba kafayilo ka mawu pa kompyuta yako, kofotokoza amene anakhala mpando uti, anabetcha zingati, ndi makadi amene anatsegulidwa. PokerTracker imangowerenga timafayilo timeneto n'kusunga mu database, yawo imagwiritsa ntchito PostgreSQL. Imadziwa zokhazo zimene iwe unaona ndi maso ako. Hold'em Manager imachitanso zomwezo, ndipo makampani awiriwa anaphatikizana mu 2014. Palinso Hand2Note ndi DriveHUD. Chimene n'choletsedwa pafupifupi kulikonse ndi kugula mahandi a matebulo amene iwe sunakhalepo.

Tadala: Ndibwerere kwa achimwene Yamikani, chifukwa pali china chimene chimathandiza kusandutsa peresenti kukhala makadi enieni. Makadi awiri oyamba akhoza kubwera m'njira 1,326. Peya iliyonse ili ndi njira 6. A ndi K zili ndi njira 16, zinayi za mtundu umodzi, 12 za mitundu yosiyana. Mukaphatikiza AA, KK, QQ ndi AK mupeza 34, imene ndi 2.6 peresenti. Mukaonjeza JJ zikwana 40, ndiye 3 peresenti. Choncho mukapeza munthu wa mahandi ambiri amene 3-bet yake ndi 3, mukuona makadi ake ngati ali poyera. Pa mndandanda umenewo palibe handi ngakhale imodzi imene AJ ili patsogolo. Pamaso pa ma King awiri AJ imapambana mosafika 30 peresenti.

Yamikani: Ndiye kuti ngakhale akanakhala ndi AK ndinali m'madzi ndithu.

Tadala: Munali kumbuyo, inde. Pamenepo mukanapambana pafupifupi kamodzi pa kanayi.

Ankolo Jere: Chenjezo limodzi pa zimene anena a Tadala. VPIP 24 sikutanthauza kuti munthu amasewera 24 pa mpando uliwonse. Wodziwa amaumira akakhala woyamba kulankhula, mwina 16, koma akafika pa batani, mpando wolankhula pomaliza flop ikatsegulidwa, amatsegula mahandi oposa 40 pa 100. Nambala ya pa HUD ndi zonsezo zitasakanizidwa. Munthu yemweyo akakweza ali mpando woyamba ndi wina, akakweza ali pa batani ndi wina.

Dalitso: Nanga AF? Ndinaona pa kanema wina akuti ikaposa 3 munthuyo ndi wolusa.

Kondwani: Imeneyo ine ndinaichotsa pa HUD yanga. AF imatenga maulendo amene munthu wabetcha ndi kukweza flop itatsegulidwa, n'kugawa ndi maulendo amene watsatira. Kutaya sikuwerengedwa. Ganiza munthu amene wabetcha katatu, watsatira kamodzi, wataya ka 20. AF yake ndi 3. Ungaganize kuti ndi wolusa, pamene ndi wamantha amene amangopitirira akagwira chinthu chenicheni. Ukamutsatira poganiza kuti akunamiza, wapsa. AFq ili bwinoko chifukwa kutaya kumalowa m'chiwerengero.

Mphatso: Mukuona zimene ndimanena? Nambala yomweyo ikusocheretsa munthu.

Kondwani: Ikakhala yokha, eya. Uyenera kuiwerenga pamodzi ndi WTSD. Imeneyo imanena kuti pa maulendo amene munthu waona flop, ndi kangati amafika mpaka potsegula makadi. Odziwa ambiri amakhala cha m'ma 25 mpaka 30. Ukapeza wa 38 pa mahandi ochuluka, usayese kumunamiza, sataya ameneyo. Ukagwira chinthu mubetchere kwambiri, alipira. Ukapeza wa 20, amathawa msanga, koma akafika nawe pa river dziwa kuti ali ndi kanthu.

Tadala: Imene ine ndimaikonda ndi ya kangati munthu amataya pa c-bet, chifukwa masamu ake ndi oyera. Dalitso, c-bet ndi pamene unakweza flop isanabwere ndipo ukubetchanso pa flop. Mu poti muli 100, mwabetcha 50. Mukuika 50 pachiswe kuti mutenge 100. Mnzanuyo akamataya kamodzi pa katatu kalikonse, mwabweza zanu ngakhale mulibe kalikonse. Mukabetcha poti yonse, ayenera kutaya theka la maulendo. Ndipo makadi awiri osafanana amagwira peya pa flop pafupifupi 32 peresenti yokha, ndiye nthawi zambiri mnzanuyo nayenso waphonya. Munthu amene amataya 60 pa 100, c-bet imalipira. Amene amataya 30, musamubetchere chimanjamanja.

Ankolo Jere: Zonsezi n'zabwino, koma ine ndili ndi mawu amene ndakhala ndikufuna kunena kuyambira pamene Yamikani analemba. Ndinayamba kutsatira masewerawa kalekale, nthawi imene nkhani ya Chris Moneymaker inali m'kamwa mwa aliyense, uja anapambana World Series of Poker mu 2003 n'kutenga $2.5 miliyoni atalowera pa intaneti. Chimene ndaona zaka zonsezi n'chakuti anthu amaika pulogalamuyi kuti azisuzumira anzawo. Koma mu database yako muli munthu mmodzi yekha amene uli ndi mahandi ake onse, ndipo makadi ake onse ukuwadziwa ngakhale amene anataya. Munthuyo ndi iwe. Mnzako uja uli ndi mahandi ake 25. Ako ndi angati mphwanga?

Yamikani: Pulogalamu inakoka ndi akale omwe amene anali pa laputopu. Onse ndi 4,200.

Ankolo Jere: Tiuze manambala ako.

Yamikani: VPIP 34, PFR 17, 3-bet 4, WTSD 33. Koma ndikupambana ankolo, yalemba 11 bb/100.

Kondwani: Aise, 34/17 ndiye kuti theka la mahandi amene umalowa umangotsatira. Munthu wina ali ndi HUD kwinakwake akukuwerenga mmene ankolo amuwerengera wa 60/12 uja.

Ankolo Jere: Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mahandi akuchulukira mphwanga.

Yamikani: Komatu ndalama zikukwera. 11 si yabwino?

Tadala: Ikanakhala yoona ikanakhala yabwino kwambiri. Dalitso, bb/100 ndi ma big blind amene munthu amapindula pa mahandi 100 alionse. Achimwene Yamikani, mu pulogalamu yanuyo muli nambala ina yotchedwa standard deviation, imene imayeza mmene zotsatira zanu zimakwerera ndi kutsika. Kwa osewera pa matebulo a anthu 6 imakonda kukhala pakati pa 80 ndi 100. Titenge 90. Mahandi 4,200 ndi magulu 42 a mahandi 100. Kugwedezeka kwa 11 wanuyo kumakhala pafupifupi 14 mbali iliyonse, ndipo kuti tikhale otsimikiza maulendo 19 pa 20 tiyenera kuchulukitsa kawiri, 28. Ndiye luso lanu lenileni lili penapake pakati pa kuluza 17 ndi kupambana 39. Nambala imeneyi sinatiuzebe ngati ndinu wopambana kapena woluza. Ngakhale pa mahandi 10,000 kugwedezekako kumakhalabe 9, kawiri 18. N'chifukwa chake anthu amanena za mahandi 100,000 asanayambe kudzitama.

Yamikani: Mwandifoola achemwali.

Tadala: Sindikufuna kukufooketsani, ndikufuna musakwere tebulo la ndalama zambiri chifukwa cha 11 ameneyu. Koma onani ubwino wake: VPIP ndi PFR zanu pa mahandi 4,200 zakhazikika kale, sizingasunthe kuposa 1 kapena 2. Zimenezo mukhoza kuzikhulupirira ndi kuzikonza lero lomwe. Ndalama ndi zimene zimachedwa kunena zoona.

Thoko: Ndakhala chete ndikuwerenga. Ndinasiya kusewera chaka chatha koma sindinatuluke pa gulu. Yamikani, ndikuuze zimene zinandichitikira ine, chifukwa ndinali ndi pulogalamu ngati yakoyo ndipo manambala onsewa ndinkawadziwa pamtima. Miyezi itatu yoyamba girafu yanga inkakwera bwino. Ndinakwera tebulo. Kenako inayamba kutsika. Usiku wina nditaluza kwambiri ndinalowa mu database n'kufufuta mahandi a tsiku limenelo, n'kudziuza kuti sindinali bwino m'mutu, tsiku limenelo lisawerengedwe. Ndinachita zimenezo kanayi. Girafu inkaoneka yokongola pamene ndalama za banki m'khonde za mayi akunyumba ndinali nditazitenga, ndipo ndinali nditalowa kale katapila. Tsiku limene ndinabwezera mafayilo onse n'kuona mzere weniweni ndinakhala pansi pakhonde ku Machinjiri mpaka kunja kunacha. Ngongoleyo ndamaliza mwezi wa June.

Ankolo Jere: Thoko mwana wanga, zikomo polankhula. Si chapafupi kunena zimenezi pagulu.

Mphatso: Limba mtima Thoko. Wachita chamuna kubweza.

Thoko: Chimene ndikupempha n'chimodzi. Mu pulogalamumo muli malo oonetsa maola amene wasewera ndi ndalama pa ola. Anthu sapitako, amakonda girafu. Pitako sabata iliyonse, ndipo usafufute kalikonse.

Tadala: Tiwerengere pomwepo. Pa $0.02/$0.05, munthu wosewera bwino amene akupeza 5 bb/100 amapindula masenti 25 pa mahandi 100. Akatsegula matebulo anayi n'kusewera mahandi pafupifupi 300 pa ola, ndi masenti 75 pa ola. Chotsanipo bandulo. Chotsanipo zimene amadula posungitsa ndi potapa ndalama. Ndipo 5 ameneyu ndi wotsala kampani itadula kale gawo lake pa poti, limene pa matebulo aang'ono limakhala pafupifupi 5 peresenti. Gawo limenelo ndi limene limachititsa kuti osewera ambiri, mukawaphatikiza onse, akhale oluza. Pulogalamu imaonetsanso zimene mwalipira kumeneko, yang'anani mudabwe.

Kondwani: Ndipo nthawi yoyesa ikatha layisensi yake ndi ya madola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cha madola chimawawa. Pa tebulo la masenti ukhoza kusewera miyezi ukungogwirira ntchito pulogalamuyo. Uganize bwino usanagule.

Ankolo Jere: Ndionjezere za malamulo, poti pa gulu pano pakulowa achinyamata. Njuga m'dziko muno imayang'aniridwa ndi bungwe la boma la MAGLA, ndipo wosakwana zaka 18 saloledwa. Kampani imene ili ndi chiphaso cha kuno, mukasemphana muli ndi kokadandaula. Ya kunja imene ilibe chiphaso cha kuno ikakana kukupatsa ndalama zako, ulibe khomo logogoda mu Blantyre muno.

Dalitso: Thoko watchula girafu. Ine ndimaona ili ndi mizere yamitundumitundu.

Kondwani: Wobiriwira ndi ndalama zonse. Wabuluu ndi zimene wapeza kapena kuluza pa mahandi amene anafika potsegula makadi. Wofiira ndi za mahandi amene anatha wina atataya. Wabuluu kuphatikiza wofiira ndiye wobiriwira uja. Palinso mzere wa all-in EV, umene umaonetsa zimene ukanapeza pa mahandi okankha zonse mwayi ukanagawidwa molingana ndi masamu. Anthu amaukonda chifukwa amati umaonetsa tsoka lawo. Koma umangoona mahandi amene ndalama zonse zinalowa makadi asanathe, tsoka ndi mwayi wina wonse suuona. Pa handi ya Yamikani ija mzerewo unatsikanso, chifukwa analowa ali kumbuyo.

Mphatso: Funso langa lomaliza kwa inu a manambala. Kuno magetsi akazima kapena netiweki ikagwa uli pakati pa handi, nthawi imatha makadi n'kutayidwa okha. Pulogalamu imadziwa kuti sunali iwe?

Kondwani: Siidziwa, imalemba kuti unataya. Ndipo mahandi ena amene anachitika uli kunja mwina safika n'komwe pa kompyuta yako, uyenera kuwapempha ku kampaniko. Ine sindiyamba kusewera batire ya laputopu isanadzaze, ndipo foni imakhala pambali yokonzeka kupereka intaneti.

Yamikani: Ndagona mochedwa ndikufufuza. Mwadzuka bwanji nonse. Ndinapeza malo amene amagawa zotsatira potengera mpando. Mpando uliwonse uli ndi mahandi pafupifupi 700. Pa batani ndikupambana kwambiri. Pa big blind ndikuluza 40 bb/100, pa small blind ndikuluza 95. Ndiye kuti vuto lili pa ma blind onse awiri?

Kondwani: Tadzuka aise. Pa ma blind aliyense amaluza, usachite mantha ndi chizindikiro chochotsera. Uziyerekeza ndi zimene ukanaluza ukanamangotaya handi iliyonse. Pa big blind kutaya zonse ndi kuluza 100 bb/100, ndiye 40 yako ikutanthauza kuti ukubweza zambiri. Pa small blind pa tebulo lakolo umaika masenti 2 pamene big blind ndi masenti 5, ndiye kutaya zonse ndi kuluza 40 basi. Iwe ukuluza 95. Ukanamangotaya ngakhale ma Ace, ukanaluza zochepa kuposa pamenepa.

Tadala: Mwadzuka bwanji. Mahandi 700 ndi ochepa pa nkhani ya ndalama, mapoti aakulu atatu kapena anayi akhoza kupanga 95 yonseyo. Musaweruze ndi nambalayo, itengeni ngati chala cholozera. Sefani kuti ikuonetseni mahandi okhawo amene munali pa small blind, wina anakweza, inu n'kutsatira. Muwaone makadiwo ndi maso.

Yamikani: Ndasefa. Alipo 88. Ndikuona K7, Q8, J7, A4 za mitundu yosiyana, 96 za mtundu umodzi. Ambiri ndinataya pa flop kapena pa turn, khadi lachinayi lija.

Ankolo Jere: Pa mpando umenewo umalankhula woyamba pa flop, pa turn ndi pa river, ndipo big blind akadali kumbuyo kwako akhoza kukwezanso. Ndi mpando woipitsitsa wotsatirirapo. Ine pamenepo ndimakwezanso kapena ndimataya, kutsatira ndi mwa apo ndi apo.

Kondwani: Sankhapo mahandi 10 amene unaluza zambiri, uwatumize pano limodzilimodzi, ufufute maina a anthuwo. Loweruka masana ndikhala cha ku Ginnery Corner, ukabwere ndi laputopuyo tikachotse manambala osafunika pa HUD yako. Tikasiye mahandi, VPIP, PFR ndi 3-bet, ndipo tikaike kuti 3-bet isamaoneke mpaka mipata itakwana yochuluka.

Thoko: Ukabwerenso ndi nambala ya maola Yamikani.

Yamikani: Ndaiona kale achimwene, ndi maola 31. Ndibwera nayo. Yoyamba ndi iyi: ndili pa small blind ndi K7 za mitundu yosiyana, wa pa batani wakweza kufika masenti 15, ine ndatsatira, big blind wataya. Flop yabwera K, 9, 4. Ndacheka, iye wabetcha masenti 20. Manambala ake ndi 23/19 pa mahandi 310. Apa ndikanatani?